Chitsulo chakana kusungunuka m'ng'anjo yanga

Wamapoto:
Akuluakulu, ndithandizeni. Ndakhala ndikupanga mapoto a aluminiyamu kwa zaka zambiri, ndiye ndinkadziona ngati moto ndimaudziwa. Mwezi watha ndinafuna kuumba kamvuu kachitsulo, kongokwana m'manja. Ng'anjo yanga ndi mgolo womata dothi lapachulu mkati, mphepo ndimapopa ndi blowa. Ndinaduladula zitsulo zotsala pomanga nyumba n'kuponyamo. Matumba awiri a makala anathera pomwepo. Chitsulo chinafiira mpaka kuyererako, koma m'malo moyenderera chinangomatana n'kukhala chibuma ngati mkute. Mayi akunyumba akufunsabe za makala aja. Ndalakwitsa pati?

Makaniko wa ku Limbe:
Achimwene, moto musaunamizire, mwasankha chitsulo cholakwika. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, n'chifukwa chake sakuvutani. Zitsulo zomangira nyumba zili ndi kaboni wochepa kwambiri, zimafuna madigiri pafupifupi 1500. Cast iron, mtundu wa chitsulo chimene amachita kuthira m'chikombole, ali ndi kaboni wambiri, magawo atatu kapena anayi pa 100 alionse, ndipo kaboniyo ndi amene amachititsa kuti asungunuke msanga, cha m'ma 1200. Pitani kwa ogula zitsulo zakutha mukasake ma brake drum (zitsulo zozungulira za mabuleki a galimoto), ayironi yamakala yosweka, kapena miyendo ya mashini osokera akale aja. Mukakayika, menyani ndi hamala. Cast iron amasweka ngati mphika wadothi, posweka pamaoneka potuwa, pamchengamchenga. Chikangopindika, chisiyeni pomwepo.

Mphunzitsi wopuma:
Mwana wanga, chibuma chakocho chandikumbutsa makolo. Ng'anjo zawo, ngati ija ikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu, sizinkatulutsa chitsulo chamadzi ayi. Mumatuluka chibuma chosakanikirana ndi zinyalala, osula n'kupita nacho pachipala, mvukuto ukupuma, n'kuchisasantha mpaka litatuluka khasu. Ndiye usachitaye, kapatse wosula.

Wachipsera:
A Makaniko anena zoona, koma ndionjezere. Ng'anjo ikhale yaitali ngati chumuni, ndipo muziika mosanjikiza: makala, chitsulo, timiyala ta laimu, kenako makalanso. Chitsulo chimadontha chikudutsa m'makala oyaka n'kukadikha pansi. Laimu amasonkhanitsa phulusa ndi dzimbiri, zimayandama pamwamba n'kutulukira bowo lakelake. Anzathu akunja amawotcha coke, malasha ophikidwa kale mu uvuni. Makala amatheka, koma amapsa msanga, ndiye musamaumire powonjezera, ndipo chitsulo muchiphwanye tizidutswa ting'onoting'ono.

Tsono chimene ndalembera ndi chinyontho. Ine ndinatunga chitsulo chamadzi ndi chotungira chimene chinagona panja usiku, mame asanaume bwinobwino. Chinaphulika ngati mfuti. Kadontho kamodzi kanalowa mu gambutsi n'kukhazikika pachidendene, mpaka lero ndimayenda motsimphina kukazizira. Chotungira ndi chikombole muziyamba mwaziwamba pamoto, ndipo musathirire pasimenti, thirirani pamchenga wouma. Nsapato zikhale zachikopa, buluku liphimbe kukamwa kwa nsapatoyo.

Wamapoto:
Zikomo nonse. Ayironi yamakala yosweka ilipo kwa apongozi, koma kapemphedwe kake ndi kamene ndikukaganizira.