Ndithandizeni nzeru: tipite ku chipatala chotsika mtengo cha IVF kapena tidikire ndalama zikwane?

Amayi ndi abambo a pagulu pano, ndine mayi wa zaka 36, ndimakhala ku Johannesburg, ndipo takhala m'banja zaka 8 opanda mwana. Chaka chatha anandijambula ndi njira ija amathira mankhwala m'chiberekero, imene amaitcha HSG, ndipo anapeza kuti machubu anga onse awiri ndi otsekeka. Adokotala anandifunsa ngati ndinadwalapo likodzo, ndipo ndinavomera, pakuti ndinakulira m'mbali mwa nyanja ku Mangochi kumene kusamba, kuchapa ndi kutsuka mbale zonse tinkachitira m'madzi momwemo. Bambo a kunyumba nawonso anayezetsa, ndipo anauzidwa kuti mbewu zilipo ngakhale zikuperewera pang'ono. Anatiuza mosabisa kuti mapilitsi okha sangatithandize, ndipo njira yotsala ndi IVF, imene amachotsa mazira m'thupi, n'kuwakumanitsa ndi umuna mu labotale, kenako n'kubwezera mluza m'chiberekero.

Tayenda zipatala ziwiri zomwe si za boma, ndipo maina sinditchula. Choyamba chinatiuza R90,000 pa ulendo umodzi, kuphatikizapo majakisoni, masikani ndi kuumitsa miluza yotsala poiziziritsa kwambiri kuti isungike. Chachiwiri chinatiuza R38,000. Ife m'zaka zitatu tasonkhanitsa pafupifupi R75,000 kudzera m'chipereganyu, ndipo apa ndi pamene mutu waima, chifukwa ndalama imeneyi ikukwanira maulendo pafupifupi awiri ku chotsika mtengo, pamene ku chodulacho siikukwana ngakhale umodzi.

Sindikufuna kunyoza chipatala chachiwirichi, chifukwa anatilandira mwaulemu ndipo anafotokoza bwino chimene chimatsitsa mtengo wawo. Amapereka mapilitsi a letrozole ndi majakisoni ochepa, choncho mazira okhwima amakhala ochepa, ndipo powachotsa sagoneka munthu tulo tofa nato. Anatinso mankhwala akachepa, chiopsezo choti mabasiketi a mazira atupe n'kudzaza madzi m'mimba chimachepanso, ndipo mfundo imeneyi inandikhazika mtima pansi popeza ndimagwira ntchito ya m'nyumba, kumene ukagona sabata yathunthu umapeza wina ataloŵa m'malo mwako.

Komabe pali zinthu zimene zikundisowetsa tulo. Nditafunsa zimene zili m'kati mwa R38,000, ndinapeza kuti kuyeza magazi kulibemo, kuumitsa miluza kulibemo, ndipo kubaya mbewu imodzi m'dzira, kumene amati ICSI, n'kolipira padera. Nditafunsa kuti ndi amayi angati amene zimawayendera, anangoti ambiri amaima, osanena kuti ndi a zaka zingati kapena ndi angati amene anafika ponyamula mwana m'manja. Kuima ndi kubereka ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo aliyense amene anapitapo padera akudziwa zimene ndikunena. Chinanso, adokotala anafulumira kunena kuti adzabwezera miluza iwiri kuti mwayi ukule. Bambo a kunyumba anasangalala atamva za mapasa, koma ine ndinaona mmene msuweni wanga anavutikira ndi mapasa obadwa masiku asanakwane, ndipo sindikufuna kulowa m'zimenezo mosaganiza.

Mwina wina anena kuti tingodikira mpaka ndalama zikwane. Ndikanakhala wa zaka 29 ndikanatero, koma ndauzidwa kuti mayi akapitirira zaka 35 mazira amachepa ndipo ubwino wake umatsika chaka ndi chaka. Kumudzi apongozi analeka kufunsa, ndipo chete ameneyo amandipweteka kuposa mafunso aja. Amene munadutsamo, ndiuzeni moona: kodi maulendo awiri otsika mtengo amaposa ulendo umodzi wodula?

Yankho loyamba:

Achemwali, pepani ndi ulendo wautaliwu. Kutsika mtengo pakokha si chizindikiro cha chinyengo. Chipatala cha boma cha Tygerberg ku Cape Town chakhala chikuchita IVF yotsika mtengo pochepetsa mankhwala ndi zina zosafunikira kwenikweni, ndipo ku Belgium akatswiri a bungwe la The Walking Egg anapeza njira yolerera miluza m'timachubu pogwiritsa ntchito mpweya wochokera ku soda ndi citric acid m'malo mwa makina odula, ndipo ana athanzi anabadwa. Koma njira zosavutazi zimayenda bwino ngati mbewu za abambo zili zokwanira, choncho pepala la amuna anu ndi lofunika kwambiri. Ngati ICSI idzafunika, auzeni alembe mtengo wake lero, musadzaumve pa tsiku lochotsa mazira pamene simungabwerere m'mbuyo. Pemphani pepala la mitengo yonse, funsani chiwerengero cha ana obadwa amoyo pa ulendo umodzi kwa amayi a msinkhu wanu, ndipo fufuzani ngati adokotalawo ali m'kaundula wa HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala ku South Africa, komanso ngati chipatalacho n'chovomerezedwa ndi SASREG, bungwe la akatswiri a zaubereki. Koma chachikulu ndi ichi: werenganinso pepala lanu la HSG muone ngati alembapo mawu akuti hydrosalpinx. Chubu chotsekeka chikatupa ndi madzi, madziwo amatsikira m'chiberekero n'kulepheretsa mluza kukhazikika, ndipo madokotala amayamba achichotsa kapena kuchimanga asanayambe IVF.

Yankho lachiwiri:

Mayi, ine ndi mkazi wanga tinadutsa njira yomweyi, ndipo ndikupemphani kuti musanasankhe muyezetse magazi a AMH, amene amasonyeza kuchuluka kwa mazira amene atsala m'thupi, ndi kuwerengetsa mazira pa sikani. Ngati mazira anu atsala ochepa, majakisoni ambiri sangawachulukitse kwenikweni, ndipo njira yotsika mtengo ingakhale yanzeru. Koma ngati alipo ambiri, ulendo umodzi wodula ungakupatseni miluza ingapo, wina n'kubwezera, ina n'kuumitsa, ndipo kubwezera mluza woumitsidwa n'kotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi kuyambiranso. Pamenepo ulendo umodzi umasanduka mwayi uwiri kapena utatu, ndipo simukakamizika kubwezera iwiri nthawi imodzi. Kafunseninso ku Steve Biko Academic Hospital ku Pretoria, komwe kulinso gawo lothandiza osabereka, mumve za mndandanda wodikira ndi mtengo umene amalipiritsa anthu ochokera kunja.

Mwini funso:

Zikomo kwambiri nonse awiri. Ndatulutsa pepala lija m'chikwama usiku uno, ndipo pa chubu chakumanzere alembapodi hydrosalpinx. Ku chipatala chotsika mtengo sanalipemphe n'komwe pepalali, ndipo ku chodulacho analiyang'ana koma sanatchule za opaleshoni pa mtengo umene anatipatsa. Ndasungitsa malo oyezetsa AMH Lachinayi. Ngati pali mayi pagulu pano amene anachotsedwa chubu asanayambe IVF, chonde andiuze kuti anadikira miyezi ingati asanayambe majakisoni, komanso ngati opaleshoniyo anachitira ku chipatala cha boma.