Ng'oma zasowa mu FL Studio, eni nyimbo afika mawa

Wa ku Kapata: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndatsegula mu FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo, nyimbo ya kwaya imene ndinajambula Loweruka. Mawu a oimba alimo, kiyibodi ilimo, koma ng'oma zangoti zii. EZdrummer, pulagini (kapulogalamu koonjezera) ya ng'oma, ikuti siikupeza library yake, mafayilo a kulira kwa ng'omazo. Eni nyimbo afika mawa m'mawa kuchokera ku Chadiza, ndipo theka la ndalama anapereka kale. Mtima suli m'malo.

Wa ku Katete: Ingoichotsani muiikenso, achimwene. Ine ndimatero.

Wa ku Kapata: Ndi bandulo iti? Ma GB onse aja ndinawatsitsa masiku atatu, usiku okhaokha.

Amdala a ku Mchini: Mphwanga, usafufute kanthu. Library imeneyo umaisunga kuti, mkati mwa laputopu kapena pa hadi yakunja?

Wa ku Kapata: Pa yakunja, amdala. Yam'kati inadzaza kalekale.

Amdala a ku Mchini: Tsegula This PC undiuze chilembo chili pa hadiyo. Ndiuzenso ngati pali china chimene wabaya pa USB kuyambira Loweruka.

Wa ku Kapata: Ili pa F. Koma kale inali E! Dzulo malaiti atabwera ndinayamba kubaya fulashi ya woimba wina, hadi ndinalumikiza pambuyo.

Amdala a ku Mchini: Vuto ndi lomwelo. Ng'oma zako zilipo, palibe chaonongeka. Pulagini imasunga njira yonse yopitira ku mafayilo, kuyambira pa chilembo. Fulashi inakhala pa E, ndiye Windows inapatsa hadi yako chilembo chotsatira. EZdrummer ikugogodabe pa E, pomwe mwini nyumba anasamukira pa F. Tseka FL Studio, zula fulashi ija, dina kumanja pa Start, lowa mu Disk Management. Dinanso kumanja pa hadiyo, sankha Change Drive Letter and Paths, uibwezere pa E. Uonetsetse bwino kuti wasankha hadi yakunja, ndipo Format, imene imafufuta zonse, usaiyandikire n'komwe, chifukwa ili pa mndandanda womwewo. Ndinaonapo mnyamata akulira misozi chifukwa cha batani limenelo, nyimbo za chaka chathunthu zitapita.

Wa ku Kapata: Zabwera! Kick ndi snare zikulira. Chatsala ndi shaker ndi kuwomba m'manja kuja ndinaika mu FPC, pulagini ya ng'oma ya FL Studio. Izo zikusowabe.

Mlongo wa ku Petauke: Zimenezo si za library, alongosi. Ndi masampulo, timafayilo ta mawu, anuanu. Munasuntha foda kapena kusintha dzina lake?

Wa ku Kapata: Zinali mu Downloads, ndinazisamutsira pa hadi pokonza malo.

Mlongo wa ku Petauke: Pitani ku Options, File settings, muonjezere foda yatsopanoyo pa Browser extra search folders, kenaka mutsegulenso pulojekiti. Izifufuza yokha malinga mayina a mafayilo sanasinthe. Mukamaliza muisunge ngati zip, masampulo amalowa momwemo. Koma library ya EZdrummer silowa mu zip, choncho ng'omazo muzitulutsenso ngati WAV, fayilo ya mawu, muzisunge pambali.

Wa ku Katete: Kani ine ndakhala ndikutha bandulo pa nkhani ya chilembo chimodzi? Amdala, hadi yanga ndingaipatse chilembo chakutali kuti fulashi zisamailande?

Amdala a ku Mchini: Ungathe, monga S. Fulashi zimayambira pa zilembo zoyambirira zopanda mwini. Ukatero uyenera kulozanso pulagini iliyonse ku njira yatsopano, kamodzi kokha. Koma iwe wa ku Kapata usachite zimenezo usiku uno. Kwaya iyambe yatenga nyimbo yake.

Wa ku Kapata: Shaker yabwera. Zikomo kwambiri nonse. WAV ikutuluka panopa, malaiti asanapite.