Mayina omwe ankalemba pa mizinga ya pa njanji aja anali a ndani kodi?

Mlimi_wa_Kamwendo:
Akuluakulu muli bwanji. Ndili pano pa Mchinji boma ndikudikira fetereza nde ndimaonera timavidiyo pa YouTube ta nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndaona mizinga ikuluikulu ija ankayikweza pa njanji nkumaikoka ndi sitima. Iliyonse ili ndi dzina ngati munthu, Gustav, Leopold, Robert, Bruno. Ine ndimaganiza kuti ndi mayina a akuluakulu a asilikali ngati mmene kuno kunkatchedwera Fort Manning. Munthu atafuna kuwalondola anthu amenewa angayambire pati?

Aphunzitsi_aku_Mkanda:
Achimwene pa Fort Manning mwalasa, linachokera kwa William Manning, mkulu wa asilikali a Angerezi yemwe anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland mu 1911. Koma pa mizingayo chenjerani mungamasake munthu oti kunalibe. Gustav uja sanali msilikali ayi, anali Gustav Krupp, bwana wa kampani ya ku Germany ya Krupp yomwe inapanga mzingawo. Chinthu chimenecho chinali choopsa, kukamwa kwa mpope masentimita 80, kulemera matani 1,350, chipolopolo chimodzi mpaka matani 7, moti njanji imodzi sinkakwana ankachita kuyala ziwiri zoyandikana komanso zokhota, chifukwa mpope sunkatembenukira kumbali nde kuti aloze pomwe akufuna ankakankha chimzinga chonsecho kutsogolo kapena kumbuyo pa khonapo. Ndipo ndalama zonsezo chinakagwira ntchito yeniyeni ku Sevastopol mu June 1942 basi.

Bruno si munthu mmodzi, ndi dzina la mtundu wa mizinga ya masentimita 28, kunali Bruno wamfupi, wamtali, wolemera. Leopold ndi Robert inali mizinga iwiri ya Ajeremani ya mtundu wa K5 yomwe inkavutitsa asilikali aku America ndi Britain ku Anzio, Italy mu 1944, imati ikaomba nkubwerera kukabisala mu una wa njanji m'phiri. Aku America ankaitchula dzina lawolawo, Anzio Annie. Nde mwaona, mzinga umodzi mayina awiri, loyitanira eni ake ndi loyitanira omwe akuphulitsidwa.

Mbumba_ya_Kapiri:
kkkk nde anthu akufa koma ali ndi nthawi yopereka mayina. Angerezi nawo yawo ankaitcha Boche Buster, Scene Shifter, Gladiator, palibe dzina la munthu apa, ndi zongodzichemerera ngati zolemba kumbuyo kwa minibasi. Koma aphunzitsi musawafooketse achimwenewa, alipo ena omwe analidi asilikali. Karl, mzinga uja wa masentimita 60, unatchedwa dzina la Jenerale Karl Becker yemwe ankayang'anira zopanga zida ku Germany ndipo anamwalira mu 1940, ngakhale uwowo unkayenda wokha ngati kasinja, pa njanji ankangounyamulirapo paulendo wautali. Mukafuna mayina a asilikali enieni yang'anani masitima ankhondo okutidwa ndi zitsulo aja okhala ndi mizinga pamwamba. Ku Estonia sitima nambala 1 anaitcha Kapten Irv pokumbukira Anton Irv, kaputeni yemwe anaphedwa ku nkhondo mu April 1919. Ku Poland mu 1939 kunali ina yotchedwa Generał Sosnkowski, dzina la Kazimierz Sosnkowski. Ine mmene ndaonera dzina likakhala ndi udindo kutsogolo, kaputeni kaya jenerale, pamenepo ndiye pali munthu woti mumulondole, likangokhala loyamba lokhalokha musataye bandulo yanu.

Mlimi_wa_Kamwendo:
Zikomo achemwali, mwandimasula. Nanga ndikapeza dzina lokhala ndi udindo chonchi ndipite kuti?

Aphunzitsi_aku_Mkanda:
Yambani ndi gulu la asilikali lomwe linali ndi mzingawo osati dzina lija, chifukwa gulu lili ndi nambala ndipo nambala ndi yomwe imakufikitsani ku mafayilo. A Britain gulu lililonse linkalemba buku la zochitika tsiku ndi tsiku, a nkhondo yoyamba ali ku National Archives ku Kew ku London pansi pa nambala ya mafayilo WO 95 ndipo ambiri a ku France ndi Belgium anawaika pa intaneti. Munthu akakwezedwa udindo kapena kulandira mendulo zinkatuluka mu nyuzipepala ya boma ya London Gazette. Ngati anafera ku nkhondo lembani dzina lake pa webusayiti ya Commonwealth War Graves Commission, ndi ulele, mupeza tsiku lomwe anafa, gulu lake ndi komwe kuli manda. Za Ajeremani zili kosungira mafayilo a asilikali ku Freiburg koma ndi Chijeremani chokhachokha komanso mafayilo ambiri a nkhondo yoyamba anapsa mabomba atagwa ku Potsdam mu 1945.

Koma ndikanakhala ine ndikanayesera kaye za kwathu konkuno. Fort Maguire kutsidya kwa nyanja ku Mangochi ndi dzina la Kaputeni Cecil Maguire yemwe anafa mu 1891 pomenyana ndi anthu a Makanjira. Sitima ya pamadzi ya Ajeremani yomwe sitima ya Angerezi ya Guendolen inaiombera pa nyanja yathuyi mu August 1914 inali Hermann von Wissmann, nayenso mkulu wa asilikali. Awa mafayilo awo mukafunsa ku National Archives ku Zomba kapena laibulale ya Society of Malawi ku Mandala ku Blantyre, transipoti yake mungaikwanitse mukagulitsa soya.

Mbumba_ya_Kapiri:
Bola soyayo agule pa mtengo wabwino chaka chino kkk. Mukapita ku Zomba mutenge chiphaso cha unzika.