Thandizeni: chumuni cha uvuni wa pizza ndichiike pati?

Moni nonse abale. Ndikumanga uvuni wa njerwa wootchera pizza kuseri kwa nyumba kuno ku Zomba, koma pomwe ndafika pandiimitsa mutu.

Maziko ndi silabu ndathana nazo. Mkati ndikufuna mukhale masentimita 90 m'mimba mwake, denga lozungulira ngati mphika wovundikira, lotalika masentimita 40 pakati, khomo lotalika masentimita 25.

Nkhani yagona pa chumuni. Amisiri amene akundithandiza akuti tibowole pamwamba penipeni pa denga kuti utsi uzituluka msanga. Ine mtima ukukana. Mauvuni a ku Italy chumuni chimakhala kutsogolo, kunja kwa khomo, kuti malawi ayambe anyambita denga lonse asanatuluke. Pizza imafuna kutentha kwa madigiri 400 kapena kuposa, ndiye tikabowola pamwamba, kutenthako sikuthawira pomwepo? Nkhuni nazo zakwera mtengo, sindikufuna kuziwononga. Amene munamangapo, paipi yanu inali yaikulu bwanji, nanga yotalika bwanji? Zenera la aneba lili pafupi, ndipo ndikuopa kuwafukiza ndi utsi.

China ndi matope omangira. Simenti wamba imang'aluka ikapsa kwambiri, choncho ndikuganiza za dothi la pachulu losakaniza ndi mchenga. Mumasakaniza muyeso wanji? Nanga pansi poyala pizza, njerwa zootcha zathuzi zingapirire, kapena ndisakesake ma firebrick (njerwa zapadera zopirira moto) basi?

Ndikufunitsitsa ndimalize mvula isanayambe kuti uvuniwu uume pang'onopang'ono. Chonde ndiunikireni.