Injini ya boti ikuzima ndikawonjezera liwiro, ndithandizeni

Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndili ndi injini ya boti ya 2-stroke, 15 HP. Ndikailiza imalira bwinobwino, koma ndikangowonjezera liwiro imatsamwa kenako n'kuzima. Ndikafinya kapampu ka labala ka papaipi ya mafuta, imatsitsimuka kwa kanthawi. Chikundizunguza mutu n'chakuti kapampuko sikalimba ngakhale ndikafinye kangati, ndipo injini ikamalira nthawi zina kamaphwa n'kukhala kophwatalala.

Mapulagi ndasintha, sefa ndatsuka, kabowo kolowetsa mpweya pachivundikiro cha thanki n'kotsegula. Petulo ndimasakaniza ndi oyilo pa 50:1. Nditathira pang'ono m'botolo loonekera, pansi panadikha timadontho ta madzi.

Ine ndikuona ngati mafuta ndi amene sakufika okwanira, chifukwa mapulagi akuthetheka bwino. Ndiyambire pati, kusintha paipi yonse ndi kapampu kake, kapena kumasula kabuleta n'kutsuka majeti? Nanga diaphragm ya pampu ya mafuta ikang'ambika, zizindikiro zake n'zotani? Ndikuopa kuti idzandizimira pakati pa madzi mphepo ikuwomba. Amene munakumanapo nazo, chonde ndiwongolereni.