Ndabweranso pa nkhani ya mafilimu oopsa ija

Paja ndinafunsa kuti n'chifukwa chiyani mafilimu oopsa amanyozedwa pomwe mafilimu okhetsa misozi amangokolola mphoto. Ena munati oopsawo ndi magazi ndi kukuwa basi, ena munati ndiyambe ndaonera akale ndisanaweruze. Ndaonera, ndipo maganizo anga angolimbiratu.

Imene yandigwira mtima ndi The Exorcist ya 1973, ya mtsikana wogwidwa ndi chiwanda, filimu yoopsa yoyamba kupikisana nawo pa mphoto ya Oscar ya filimu yabwino koposa, ngakhale sinapambane. Chondiopsa ine si mutu wake wozungulira uja ayi. Ndi mayi wa mtsikanayo ataima m'chipatala, akuona madokotala akubaya mwana wake pakhosi, magazi akutuluka, koma yankho palibe. Aliyense amene anadwazikapo mwana amawadziwa mantha amenewo. Ndiye palinso wansembe wodzathandiza kutulutsa chiwandacho, chikumbumtima chikumudya chifukwa mayi ake anamwalira iye kulibe. Ngati nkhani imeneyi si yozama, yozama ndi iti?

Ndaoneranso Crash, imene inatenga mphotoyo mu 2006. Pepani inu amene mumaikonda, koma anthu ake amangokuwa za tsankho mphindi iliyonse ngati akulalikira pamsika. Filimu yoopsa ya Get Out ya 2017 inakamba za tsankho lomwelo kudzera m'kumwetulira kwa makolo achizungu a chibwenzi cha mnyamata wakuda ndi kasupuni kotakasa tiyi m'kapu, ndipo inandisowetsa tulo. Koma Oscar yake inali ya kalembedwe kokha.

Tsopano ndikufuna oopsa a ku Japan ndi Korea. Ndiyambe ndi iti abale?