Mwana wandifunsa za amayi ake a Leia, ndimuyankhe bwanji?

Abale anzanga a pagulu pano, ndikupempha nzeru kwa inu amene mumawadziwa bwino mafilimu a Star Wars, makamaka amene munawaonerapo limodzi ndi ana. Ndimakhala ku Chilomoni ndipo ndikulera mwana wa malemu mlongo wanga, mtsikana wa zaka 12. Tinagwirizana kuti Loweruka lililonse madzulo tizionera filimu imodzi pa laputopu, ndipo poti ineyo ndinawaonera modumphadumpha ndili mnyamata, ndinaganiza kuti iye ayambire pa The Phantom Menace ya 1999 n'kumatsatira manambala mpaka gawo lachisanu ndi chimodzi.

Zonse zinkayenda bwino kufikira Loweruka lapitali pamene tinafika pa Return of the Jedi ya 1983. Muli malo ena pamene Luke akufunsa Leia ngati amawakumbukira amayi ake omubereka, ndipo Leia akuyankha kuti amawakumbukira pang'ono, kuti anali okongola ndi okoma mtima koma achisoni, pamene Luke akunena kuti iye sakumbuka kalikonse. Mwanayu anaimitsa filimu n'kundikumbutsa kuti mu Revenge of the Sith ya 2005, imene tinaonera milungu itatu m'mbuyomo, Padmé, mayi wa Luke ndi Leia, anamwalira atangobereka mapasawo ndi kuwatcha mayina. Kenako anandifunsa kuti: "Amalume, khanda longobadwa kumene lingakumbukire bwanji nkhope ya mayi wake? Nanga bwanji Luke sakukumbukira, chikhalirecho anabadwa tsiku limodzi?"

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti amayi ake a mwanayu anatisiya iye ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo amawadziwira pa zithunzi ziwiri zokha. Ndinangomuuza kuti ndifufuza. Kodi ndimuuze kuti olemba nkhani analakwitsa, kapena ndimupatse yankho limene okonda mafilimuwa ena amapereka, lakuti Leia anawamva amayi ake kudzera mu mphamvu ija amaitcha Force? Sindikufuna kumunamiza, komanso sindikufuna kuti nkhani imene waikonda chonchi imutuluke mumtima. Wayambanso kulemba mafunso ena mu kope, monga chifukwa chimene anabisira Luke ku dziko la Tatooine, kwawo kwa bambo ake, osamusintha ndi dzina lomwe la Skywalker. Ndipitirize naye mafilimu oyambira mu 2015 kapena ndiime kaye?

Mayi wa ku Zingwangwa, mphunzitsi:
Bambo, muuzeni zoona, ndipo mumuyamikire chifukwa waona chinthu chimene akuluakulu ambiri chinawadutsa. Pakati pa filimu ya 1983 ndi ya 2005 panadutsa zaka 22, ndipo zizindikiro zakuti George Lucas, amene anayambitsa Star Wars, ankaiumba nkhaniyi akupita zili poyera m'mafilimu momwemo. Mu filimu ya 1977 Obi-Wan, mphunzitsi woyamba wa Luke, anamuuza kuti Darth Vader anapha bambo ake, mu 1980 tinamva kuti Vader yemweyo ndiye bamboyo, ndipo mu 1983 Obi-Wan anachita kudziteteza kuti zimene ananena zinali zoona malinga ndi mmene munthu akuzionera. Mu 1980 momwemo Leia anapsompsona Luke, anthu amene zaka zitatu pambuyo pake tinauzidwa kuti ndi mapasa. Kwa ine za Vader zinasokedwa bwino, moti ulusi suoneka kwambiri, koma za amayi ake a Leia sizinasokedwe n'komwe. Mwana wa zaka 12 angathe kumvetsa kuti nkhani imalembedwa ndi anthu, ndipo kope lakelo musamuletse.

Bambo wa ku Ndirande:
Amayi aphunzitsi, ndikupempha kusiyana nanu pang'ono. Yankho la Force si lochita kupeka okonda mafilimu okha ayi, chifukwa mu The Empire Strikes Back ya 1980 Yoda, mphunzitsi wamkulu wa Force, anauza Luke kuti kudzera mu mphamvuyi munthu amaona malo ena, zam'tsogolo, zakale ngakhalenso abwenzi amene anapita kalekale. Leia nayenso sananene kuti amakumbukira zochitika, anatchula zithunzithunzi ndi zomva mumtima. Za kubisa Luke nazonso zili ndi poyambira: pamaliro a Padmé thupi lake linkaoneka ngati akadali woyembekezera, choncho Vader analibe chifukwa chofunira mwana amene ankaganiza kuti sanabadwe, ndipo Tatooine ndi kumene anakulira mu ukapolo n'kuikako amayi ake m'manda. Pa dzina la Skywalker pokha ndikuvomera kuti ndilibe chonena. Anthu amadandaulanso kuti Obi-Wan anati anaphunzitsidwa ndi Yoda pamene mu 1999 tinaona kuti mphunzitsi wake anali Qui-Gon Jinn, koma mu Attack of the Clones ya 2002 timaona Yoda akuphunzitsa ana aang'ono a Jedi, gulu la ankhondo ogwiritsa ntchito Force, ndiye ziwirizi zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi.

Mayi wa ku Zingwangwa, mphunzitsi:
Bambo a ku Ndirande, ndakumvani, koma funso lachiwiri la mwanayu mwalilumpha. Ngati ndi Force, bwanji Luke, amene anachita kuphunzitsidwa ndi Yoda, sakumva kanthu za mayi yemweyo? Yankho limene likufuna yankho lina kuti liime ine sindingalipereke kwa mwana ngati choonadi. Ndingamuuze kuti ena amaganiza choncho, basi.

Bambo wa ku Bangwe:
Ine ndakula ndikumvera nthano kwa agogo, ndipo nthano imodzimodziyo inkasintha malinga ndi usiku wake. Lero Kalulu wathawira kuuna, mawa wathawira m'phanga, ife n'kumangoyankha kuti "tili tonse". Kusiyana kwake n'kwakuti filimu imasungika, mwana angathe kuibwezera m'mbuyo n'kukugwirani. Ngakhale Lucas mwiniwake anabwerera kukakonza mafilimu ake akale: mu 1997 anasintha malo amene Han Solo akuwombera Greedo kuti Greedo ayambe ndiye kuwombera, ndipo mu 2004 anachotsa mzimu wa Anakin wokalamba, amene ndi Vader yemwe uja, kumapeto kwa Return of the Jedi n'kuikapo Hayden Christensen, amene anasewera Anakin ali mnyamata. Mafilimu ena atsopano ntchito yawo ina ndi yomata ming'alu yomweyi. Rogue One ya 2016 inafotokoza kuti malo ofooka a Death Star, chida chachikulu chophulitsira maiko, anaikidwa dala ndi Galen Erso, ndipo Solo ya 2018 inayesa kulongosola mawu a Han onena za ma parsec 12, poti parsec ndi muyeso wa mtunda osati wa nthawi. Kumene ndikuona kuti munaphonya, achimwene, ndi kuyambira pa gawo loyamba. Amene ayamba ndi ya 1977 amafika pa mawu a Leia asanaone imfa ya Padmé, ndiponso chinsinsi cha Vader chimamudzidzimutsa monga chinadzidzimutsira anthu mu 1980.

Mnyamata wa ku Chirimba:
Pa funso lanu lomaliza, bambo, pitirizani koma mukonzekere. Disney itagula Lucasfilm, kampani ya Lucas, mu 2012 mafilimu atatu otsatirawo sanatsogoleredwe ndi munthu mmodzi. Ya 2017 imanena kuti makolo a Rey, mtsikana amene ndi mwini nkhani mu mafilimu amenewa, anali anthu wamba, ya 2019 imati ndi mdzukulu wa mfumu yankhanza Palpatine, ndipo Palpatine yemweyo, amene mwanayu wangomuona akuponyedwa m'dzenje, amabwerera popanda kulongosola kokwanira. Mumugulire kope lina.

Mayi wa ku Machinjiri:
Ndawerenga mayankho onse ndipo ndi anzeru, koma amalume, ine amayi anga anamwalira ndili ndi chaka chimodzi, choncho ndiloleni ndilankhule monga mwanayo. Mukamuuza za Force, akhoza kumadzifunsa usiku kuti bwanji iye sakumva kanthu za amayi ake, ngati kuti pali chimene chikumuperewera. Ine ndinadzifunsa funso limeneli zaka zambiri popanda filimu iliyonse. Muuzeni mosabisa kuti khanda silingakumbukire, kuti Luke ndiye akunena zimene zimachitikadi, ndipo kuti kusakumbukira si kusakonda. Mukatero musathere pomwepo. Inu ndinu amene munakula ndi mlongo wanuyo, mumadziwa mmene ankasekera, ndiwo imene ankaikonda ndi nyimbo imene ankaimba pochapa. Zimene ine ndimadziwa za amayi anga ndinauzidwa ndi azakhali, ndipo lero ndikatseka maso ndimawaona ngati ndinawaonapo.

Wofunsa:
Zikomo nonse, makamaka inu mayi a ku Machinjiri, chifukwa mwanena chimene ndinkachiopa osachitchula. Ndimuuza kuti olemba anasemphana ndi zimene analemba kale, kuti ena amazilongosola ndi Force monga anenera bambo a ku Ndirande, ndipo kuti iye ali ndi ufulu wosakhutira ndi yankho limenelo. Filimu ya 2015 idikira sabata ina. Loweruka lino tikwera minibasi kupita ku Lunzu kwa agogo ake, kumene kuli sutikesi ya amayi ake imene sitinaitsegulepo, ndipo ndawaimbira kale kuti atipezere kiyi.